Funso la Owerenga: N'chifukwa Chiyani Akufuna Kuyeza Mphamvu ya Kupuma ya Mwana Wosadwala?

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 wabwera ndi kalata kuchokera kusukulu yopempha chilolezo changa kuti ochita kafukufuku amuyeze mphamvu ya minofu yopumira. Mwanayu alibe mphumu, sadwaladwala chifuwa, ndipo amathamanga ngati anzake onse. Kodi akufuna chiyani kwa mwana wabwinobwino, nanga kuyezaku sikungamuvulaze? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mapapo alibe mphamvu yokoka mpweya paokha. Ntchitoyi imagwiridwa makamaka ndi mnofu waukulu wa pansi pa mapapo, wolekanitsa chifuwa ndi mimba, umene madokotala amautcha diaphragm, mothandizana ndi timinofu ta pakati pa nthiti, pamene potsokomola minofu ya pamimba ndiyo imalimbika kwambiri. Pali matenda amene amafooketsa minofu imeneyi pang'onopang'ono, monga Duchenne muscular dystrophy, amene amagwira makamaka anyamata, ndi spinal muscular atrophy. Mwana wotero amalephera kutulutsa makhololo bwinobwino, motero chibayo chimamugwira kawirikawiri.

Dokotala sanganene kuti minofu ya wodwala yafooka ngati sadziwa mphamvu imene mwana wathanzi wa msinkhu womwewo amakhala nayo, ndipo ichi ndicho chifukwa chake akufuna ana osadwala. N'chimodzimodzi ndi kusikelo ya ana, kumene mizere ya m'buku la kuchipatala, imene amayerekezerapo kulemera kwa mwana wanu, inachokera pa kuyeza ana ambiri amene ankakula bwino. Mphamvuyi imakwera mwana akamakula, ndipo kawirikawiri anyamata amaposa atsikana, makamaka akatha msinkhu. Njira yoyezera inafalitsidwa ndi akatswiri awiri, Black ndi Hyatt, ku America mu 1969 poyeza akuluakulu, ndipo mu 1984 Wilson ndi anzake ku Britain anatulutsa manambala ophatikizapo ana. Manambala ambiri amene alipo lero anachokera kwa ana a ku Ulaya, America ndi Brazil, ndipo ine ndikuona kuti si nzeru kuwagwiritsa ntchito mwachimbulimbuli pa ana athu, amene kadyedwe ndi kakulidwe kawo n'kosiyana.

Poyeza sabaya jakisoni, satenga magazi, ndipo samwetsa mankhwala alionse. Mwana amakhala pampando atawongoka, amamupana mphuno ndi kachipangizo kofewa, ndipo amamanga milomo pa kapaipi kolumikizidwa ku makina ang'onoang'ono ogwira m'manja. Poyamba amatulutsa mpweya wonse m'chifuwa, kenako amakoka ndi mphamvu zake zonse pamene kapaipi katsekedwa, kwa kanthawi kopitirira pang'ono sekondi imodzi. Muyeso umenewu umatchedwa MIP. Kenako amadzaza chifuwa n'kuuzira mwamphamvu, ndipo umenewo ndi MEP. Zotsatira zimalembedwa m'masentimita a madzi, kutanthauza kutalika kumene mphamvuyo ingakweze madzi m'paipi. Pa kapaipi pamakhala kabowo ka pafupifupi mamilimita 2 kotayira mpweya pang'ono, n'cholinga choti mwana asapusitse makina pogwiritsa ntchito masaya m'malo mwa minofu ya m'chifuwa.

Vuto la muyesowu n'lakuti umadalira khama la woyezedwayo. Mwana wamanyazi, kapena amene sanamvetse malangizo, amatha kuonetsa nambala yotsika ngakhale minofu yake ili yolimba, n'chifukwa chake woyeza amamulimbikitsa mokweza mawu n'kumubwerezetsa kangapo, akumupumitsa pakati, mpaka zotsatira zitatu zitayandikana. Ndondomeko imeneyi inafotokozedwa mu 2002 ndi mabungwe a American Thoracic Society ndi European Respiratory Society. Ana ambiri amakwanitsa kuyambira zaka 6 kapena 7. Kwa ocheperapo pali njira ina yotchedwa SNIP, imene amatseka bowo limodzi la mphuno ndi kachipangizo koyezera ndipo mwana amakoka mpweya mwachangu ndi bowo linalo ngati akununkhiza, chinthu chimene sichifuna kuphunzitsidwa kwambiri.

Kwa mwana wathanzi, choipa chimene chingachitike ndi kutopa kapena kachizungulire kamene kamatha akapuma pang'ono. Uzani oyezawo ngati mwana wanu wachitidwa opaleshoni ya pachifuwa, pamimba kapena ya maso posachedwapa, ngati akudwala khutu, kapena ngati ali ndi chimfine tsikulo. Afunseninso ngati mwana aliyense adzapatsidwa kapaipi kakekake kapena sefa yatsopano, popeza chifuwa chachikulu ndi matenda ena amafala kudzera m'mpweya, komanso ngati kafukufukuyo wavomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC. Muli ndi ufulu wokana popanda kupereka chifukwa, ndipo pa zaka 9 mwana wanuyo ayenera kufotokozeredwa zonse n'kufunsidwa ngati iyenso akuvomera.