Fomu ya HR siwadziwa atsibweni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wogwira ntchito pa kampani yaikulu ku Blantyre. Ndaifupikitsa, dzina ndabisa:

"Ndatha zaka ziwiri pano koma ndikukhalabe ngati mlendo. Abwana amafuna tiziwatchula dzina lawo loyamba, ine lilime limakana. Pakhoma analemba m'Chingerezi kuti ndife banja limodzi. Koma atamwalira atsibweni anga ku Ntchisi, amene anandilipirira sukulu kuyambira Fomu 1, a HR (ofesi yoona za antchito) anati masiku a maliro ndi a makolo, mwamuna ndi ana basi. Masiku atatu amene ndinapita anawadula pa tchuthi changa. Pa appraisal (pounika mmene ndagwirira ntchito) anandilembera kuti sindidzionetsa. Kodi vuto ndi ine? Ndisiye?"

Pepani ndi malirowo, achemwali.

Mwamanga nkhuni ziwiri mtolo umodzi, zouma ndi zaziwisi. Za dzina la abwana ndi zouma, zisakusowetseni tulo. Ine ndinatha chaka chathunthu ndikuzemba kutchula dzina la abwana anga, ndikungoyamba ndi "pepani" mpaka atembenuke. Lilime linadzazolowera lokha, ulemu wanga sunachepe.

Za kudzionetsa ndikukumvetsani. Tinaleredwa kuti ntchito yabwino imadzinenera yokha, wodzitama ndi wopanda mwambo. Koma pepala la appraisal limakafika kwa munthu amene sanakuoneni mukutuluka mu ofesi mdima utagwa. Gulani kope. Lachisanu lililonse musanaweruke lembani zimene mwamaliza sabata imeneyo, tsiku ndi manambala ake. Pa appraisal mukangowerenga kopelo ngati mlembi wa mpingo akupereka lipoti, palibe amene angati mukudzitama.

Za atsibweni ndiye zandikhudza, chifukwa inenso ndinaimapo pa desiki ngati imeneyo. Mayi wa HR anali kuloza ndi bolopeni mndandanda wa abale ovomerezeka, mzere ndi mzere, ine ndili ndi chikwama chapaulendo m'manja. Atamaliza anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Ndikumvetsa achimwene, kwathunso ndi choncho, koma pepalali silikulola." Mayiyo sanali woipa mtima. Malamulo ambiri a m'makampani anakopedwa kumaiko kumene banja ndi bambo, mayi ndi ana. Kwa ife Achewa atsibweni ndiwo mwini mbumba. Ndiwo nkhoswe pa ukwati wanu, ndiwo amayamba kuuzidwa mukadwala, ndipo pa maliro awo anthu amayang'ana ngati mwana wa mlongo wawo wafika. Mukanapanda kupita, mudzi wonse ukanakumbukira mpaka kalekale. Apa vuto si inu, ndi fomuyo.

Ndipo masiku atatu si ochepa. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata apatsidwe tchuthi cha masiku osachepera 15 pa chaka, wa masiku asanu ndi limodzi apatsidwe 18. Maliro awiri kapena atatu, theka la tchuthi lapita, osapumako n'komwe.

Mndandanda wa abalewo uli m'malamulo a kampani yanu, ndipo amene anaulemba angathenso kuusintha. Ngakhale lamulo la dziko limasintha: mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaonjezera tchuthi cha milungu iwiri kwa abambo mwana akabadwa. Musapite nokha ndi mkwiyo. Pezani anzanu anayi kapena asanu, sadzasowa, ambiri mu ofesimo analeredwa ndi agogo, azakhali kapena achimwene awo. Lembani kalata yaulemu yopempha chinthu chimodzi: wogwira ntchito aliyense aloledwe kulembetseratu mayina awiri a anthu amene anamulera, monga timalembetsera odzalandira penshoni. A HR amaopa kuti aliyense adzakhala ndi atsibweni khumi omwalira mwezi ndi mwezi. Mayina akalembedwa kale, mantha amenewo atha.

Mawu a pakhomawo musawatengere kumtima. Kampani imakulipirani malipiro, imakuikirani ku penshoni 10 peresenti ya malipirowo inu n'kuikapo 5, ndipo zikavuta idzakupatsani kalata yokuchotsani ntchito. Chimenechi si chibale, ndi mgwirizano, ndipo si woipa. Chimapweteka ndi pamene wina aukhulupirira ngati chibale.

Musiye? Panopa ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ntchito masiku ano mukudziwa mmene ikusowera. Ndikanakuuzani kuti nyamukani akanakhala kuti akukusainitsani manambala abodza kapena akukuuzani kuti munamize makasitomala. Zimene mwalembazi sizinafike pamenepo. Yambani mwakachetechete kuyang'ana kwina ngati mukufuna, koma kalata ija muilembe kaye.

Chinthu chimodzi simunanene: kodi anzanu a mu ofesi anasonkha chipepeso? Alipo amene anakuimbirani muli pa siwa ku Ntchisi? Mundilembere mundiuze, chifukwa yankho langa pa za kusiya likhoza kusintha.