Funsani Anamwino: Kodi mimba ndiyo ikundithera mano?

Anamwino, ndine mayi wa ku Kamwendo ku Mchinji, ndipo ndili ndi pakati pa miyezi 6. Kusikelo anandipeza ndi shuga. Chiyambireni mimba iyi nkhama zanga zimatuluka magazi ndikamatsuka mkamwa, ndipo dzino lakumapeto labooka moti madzi a mumtsuko ndimachita kumwera mbali imodzi. Atandiyeza magazi anati CRP yakwera, koma sindinamve tanthauzo lake. Apongozi akuti mwana ndiye akudya mano anga, ndipo kuzula dzino uli ndi pakati n'kuputa tsoka. Zoona n'ziti?

Amayi, apongozi muwalemekeze ndithu, koma apa aphonya. Mwana satenga kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa ndi mano, m'mano mwanu. Amatenga m'zakudya zimene mukudya, ndipo zikaperewera thupi limakatapa m'mafupa.

CRP ija imapangidwa ndi chiwindi pamene penapake m'thupi patupa kapena palowa tizilombo. Ili ngati utsi umene mwauonera patali: moto ulipo, koma simudziwa kuti ukupsa ndi munda wa yani. Malungo amaikweza, matenda a m'chikhodzodzo amaikweza, mimba payokha imaikwezako pang'ono. Nkhama zotupa nazonso zimatero, ndipo mwa zonse mwandiuzazi ine ndikuyamba kukayikira mkamwamo, ngakhale zinazo ayenera kukuyezaninso.

Zitatuzi, mimba, shuga ndi nkhama, zimakokerana. Mahomoni a mimba amachititsa kuti nkhama zizitupa ndi litsiro lochepa chabe la m'mano, ndipo amafooketsanso insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, n'chifukwa chake shuga wa pa mimba amayezedwa kawirikawiri pa masabata 24 mpaka 28. Nkhama zikatupa zimathira m'magazi zinthu zotchedwa IL-6 ndi TNF-alpha, zimene zimaonjezera kutsekereza insulini, shuga n'kukwera. Shuga akakwera malovu amachepa, mkamwa mumauma, tizilombo timapeza mpata wopanga asidi amene amaboola dzino. Mu 2022 bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri linapeza kuti odwala shuga akachiritsidwa nkhama, muyeso wa HbA1c, umene umaonetsa shuga wa miyezi itatu yapitayo, umatsika ndi pafupifupi 0.4 peresenti. Zikuoneka zochepa, koma ife kuchipatala sitizipeputsa.

Ndikufunseni: pamzere wa sikelo paja mumadya chiyani? Ndakhala ndikuona amayi atakulunga botolo la thobwa m'chitenje, akumwa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka dzina lawo litaitanidwa, kenako n'kugula nzimbe pageti. Dzino limaonongeka kwambiri ndi kubwerezabwereza kotereku kuposa kudya chotsekemera kamodzi. Nkhuli ikavuta, mtedza kwanuko ndi wosasowa, kazingani wodzaza dzanja limodzi. Ngati mumasanzabe, musathamangire mswachi. Chukuchani kaye ndi madzi othira kasupuni kamodzi ka soda, mutsuke pakapita ola.

Magazi a m'nkhamawo asakusiyitseni kutsuka. Mswachi wofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kawiri pa tsiku, makamaka pokagona.

Za dzinolo, pitani ku chipatala cha boma sabata yomwe ino, mutenge kabuku kanu ka sikelo, ndipo muwauze a mano za shugayo asanakugwireni. Kumata kapena kuzula dzino n'kololedwa pa mimba, jekeseni wochititsa dzanzi savulaza mwana, ndipo miyezi 4 mpaka 6 ndiyo nthawi yabwino, mimba isanakule moti kugona chagada pampando paja n'kukhala chintchito. Poyembekezera mutha kumwa Panado. Brufen ayi, ndipo ma kapisozi a doxycycline a kumsika musawakhudze n'komwe, angathe kudetsa mano a mwana. Tsaya likatupa kapena thupi likatentha, musadikire kuti kuche.

Apongoziwo muwatenge akuperekezeni, akadzimvere okha kwa adokotala a mano.