Tikuyankheni: kudya, mankhwala ndi zizindikiro zoopsa mukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, ambiri mwa iwo kunja kwa dziko, ndipo tsopano ali kwawo, kutali ndi dokotala amene anawachita. Maopaleshoni ofala ndi awiri. Pa sleeve amachotsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a chifu, n'kutsala kachubu kooneka ngati nthochi. Pa bypass chifu sachichotsa: amadula kathumba kumtunda kwake, kolowa mamililita 30 okha, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono, moti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi poyambira matumbo. Zimene talembazi zikasiyana ndi pepala limene anakupatsani kuchipatala, tsatirani pepalalo.

Lero ndi tsiku la 12 chichitireni sleeve ku Johannesburg. Msuzi ndi mkaka zandikola. Apongozi akuti ndiyese kambamu ka nsima ya ufa woyera poti ndi yofewa. Ndiyambe?
Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, apongozi akukufunirani zabwino, koma nsima idikire kaye. Chifu chanu chagwiridwa ndi mzere wautali wa tizitsulo tosokera, n'chotupa, ndipo chimafuna masabata 6 kapena kuposerapo kuti chipole. Nsima, buledi ndi mpunga zikalowa zimagwirana n'kutsamwa pakhomo pa chifu. Mumva kupweteka pachifuwa, malovu a thovu adzaza m'kamwa, kenako musanza, ndipo kusanzako kumakoka msoko umene sunapole.

Masabata awiri oyamba ndi a zamadzimadzi zokha, zoti zikhoza kudutsa pa sefa ya tiyi: madzi, mkaka, chambiko chosungunula, tiyi wopanda shuga, msuzi wa nkhuku kapena wa nsomba wosefa ndi woyengula mafuta. Mu kapu ya mkaka thiranimo masupuni awiri a mkaka wa ufa kuti zomanga thupi zichuluke. Sabata yachitatu ndi yachinayi mudye zopera zosalala, zopanda zibuluma: chipere, dzira lophwanya, chambo chochotsa minga n'kuchipera ndi msuzi wake, phala la soya, maungu. Masupuni aakulu awiri mpaka anayi ndi chakudya chokwanira, kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi patsiku. Kuyambira sabata yachisanu mulowe m'zofewa zoti foloko ikhoza kuziphwanya, monga nyama yogaya, nkhuku yopsa mpaka kulekana ndi fupa, nyemba ndi masamba opsa bwino. Nyama yootcha, kanyenya ndi chimanga chokazinga ndizo zomaliza, ndipo ena sizidzawayenderanso.

Nsima muyese pakatha masabata 8, mbamu imodzi, pomaliza kudya. Apa ndi pamene anthu a kwathu zimawavuta, chifukwa tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongopititsira. Kwa inu zatembenuka. Malo m'chifu ndi ochepa, ndiye oyamba kulowa ndi ndiwo zomanga thupi, kenako masamba, nsima ikapeza malo otsala. Mukufunika magalamu 60 mpaka 80 a zomanga thupi patsiku, apo ayi thupi limadya minofu yake. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, theka la kapu ya nyemba zophika 7, magalamu 100 a nsomba yophika 20 kapena kuposa pang'ono. Mazira awiri, makapu awiri a mkaka, nsomba ndi nyemba pa milingo imeneyi zimakufikitsani pafupi ndi 55. Onjezani chambiko kapena nsinjiro mu ndiwo, mwadutsa 60.

Tafunani kulikonse kosachepera ka 20, ndipo chakudya chikutengereni mphindi 20 mpaka 30. Mukamva kuthina pachifuwa, kugeya kapena mamina akayamba kutuluka, mwakhuta. Supuni imodzi yowonjezera ndi imene imasanzitsa.

Madzi ndi lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri patsiku, pang'onopang'ono tsiku lonse, osagugudiza. Siyani kumwa mphindi 30 musanadye, muyambirenso patapita mphindi 30 mutadya, chifukwa madzi amalanda malo a chakudya kapena kuchikokolola msanga. Za gasi zonse zilekeni. Kutentha kwa Okutobala kumagwetsa anthu otere mosavuta: mkodzo ukada, mutu ukamawawa, mukamamva chizungulire podzuka, madzi achepa m'thupi.

Mkazi wanga anachitidwa bypass ku India ndipo tafika sabata yatha. Tidziwa bwanji kuti uku n'kuwawa kwa bala chabe, uku n'kothamangira nako kuchipatala?
Bambo wa ku Blantyre

Bambo, phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima. Mayiwo atapumula, gwirani pamkono muwerenge kwa mphindi yathunthu. Kukapitirira 120 osatsika, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kawirikawiri chimenechi ndicho chizindikiro choyamba chakuti msoko ukuchucha ndipo zam'chifu zikutayikira m'mimba. Zina ndi kutentha thupi kofika 38, kupuma mwabefu, mimba kuwawa mowonjezereka tsiku ndi tsiku, ndi kupweteka kwa phewa lamanzere. Kuno thupi likatentha aliyense amaganiza za malungo. Ayezedwe ndithu, koma musalole kungopatsidwa mankhwala a malungo n'kubwerera kunyumba. Pitani kuchipatala chokhala ndi madokotala a opaleshoni, monga Queen Elizabeth kwa inu a ku Blantyre, Kamuzu Central, Zomba Central kapena Mzuzu Central, ndipo mawu oyamba akhale akuti, "anachitidwa bypass tsiku lakuti." Kalata yofotokoza opaleshoniyo muijambule ikhale mufoni za nonse awiri.

Chachiwiri ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha, kumene ulendo wautali wa pa ndege umakukolezera. Mwendo umodzi ukatupa ndi kuwawa pa katumba, kapena chifuwa chikabaya ndi kubanika mwadzidzidzi, n'zachangu. Majakisoni a pamimba oletsa magazi kuundana amene anakupatsani amalizeni onse, ndipo mayiwo aziyenda mphindi 5 mpaka 10 pa maola awiri aliwonse masana. Kugona tsiku lonse "kuti bala lipole" n'kulakwitsa.

Kusanza kosalekeza nako musakuzolowere. Tsiku likatha madzi osakhazikika m'mimba, akufunika diripi. Kusanza kukatenga masabata, vitamini B1 amatha, chifukwa thupi limasunga wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Munthu amayamba kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira ndi kuchita dzanzi m'miyendo, ndipo ubongo ukhoza kuwonongekeratu. Uzani dokotala kuti apereke B1 asanaike diripi ya shuga, chifukwa shugayo amamaliza B1 wotsalayo. Chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi n'zachipatalanso.

Kwa masabata 6 asanyamule choposa makilogalamu 5. Ndowa ya madzi, thumba la makala, kubereka mwana, zonsezo ndi zanu bambo. Ndipo ngakhale patapita zaka, mimba ikadzawawa kwambiri mosadziwika bwino, akaonedwe tsiku lomwelo: pa bypass matumbo amatha kulowa m'mpata umene opaleshoni inasiya n'kupotokola.

Papita miyezi inayi chichitireni bypass. Pachinkhoswe ndinamwa theka la kapu ya thobwa, ndipo posakhalitsa thukuta linali kamukamu, mtima kuthamanga, m'mimba kupota mpaka kutsekula. Kodi opaleshoni yalakwika?
Bambo wa ku Leeds

Siinalakwike. Madokotala amati dumping. Chifu chathunthu chimatulutsa chakudya pang'onopang'ono, koma kwa inu cha shuga chimagwera m'matumbo nthawi imodzi n'kukoka madzi kuchokera m'magazi. N'chifukwa chake zimayamba pakangotha mphindi 10 mpaka 30. Gonani pansi, zimatha zokha pasanathe ola.

Pali mtundu wina wobwera mochedwa, pakatha ola limodzi mpaka atatu. Shuga amakwera msanga m'magazi, thupi limatulutsa insulin wochuluka, kenako shuga amatsika kwambiri: kunjenjemera, njala, maso kuchita mdima. Pamenepo imwani theka la kapu ya juwisi, ndipo pakatha mphindi 15 mudye dzira kapena mtedza kuti zisabwerezenso. Zikamachitika kawirikawiri, makamaka ngati mumayendetsa galimoto, kaonaneni ndi dokotala. Thobwa, maheu, tiyi wa masupuni atatu a shuga, mandasi ndi keke ndizo zimayambitsa. Phala la ufa woyera nalo limachita zomwezo kwa ena.

Chaka chatha chichitireni sleeve ndipo ndili bwinobwino. Mavitamini ndi odula. Ndingasiye? Ndimamwanso ma ARV.
Mayi wa ku Mzuzu

Musasiye, mayi. Ndi a moyo wonse, ndipo vuto lake n'lakuti kuperewera kwake sikumveka msanga. Chiwindi chimasunga vitamini B12 wa zaka zingapo, ndiye mumaona ngati zonse zili bwino mpaka tsiku limene mapazi ayamba dzanzi, ndipo mitsempha ikawonongeka siichira nthawi zonse. B12 amafuna asidi ndi madzi ena opangidwa m'chifu kuti alowe m'magazi, ndipo mbali yaikulu ya chifucho inachotsedwa. N'chifukwa chake ambiri amabayidwa jakisoni wa miligalamu imodzi pa miyezi itatu iliyonse. Tsiku ndi tsiku mumwe piritsi la mavitamini ndi michere yosiyanasiyana, kashiamu wokwana mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500 kuphatikiza wa m'zakudya, wogawa kawiri kapena katatu, vitamini D, ndi ayironi wa mamiligalamu 45 mpaka 60 ngati mukusambabe. Ayironi ndi kashiamu zimalimbirana njira, choncho zisiyanitseni ndi maola awiri, ndipo ayironi musamwere tiyi. Magazi ayezedwe pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako chaka chilichonse. Ndalama zikavuta, uzani dokotala akuthandizeni kusankha zotsika mtengo, kusiyana n'kungosiya mwakachetechete.

Za ma ARV mwachita bwino kutchula. Piritsi limene ambiri akumwa ku Malawi lili ndi dolutegravir, ndipo kashiamu ndi ayironi zimamugwira m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Imwani ARV maola awiri musanamwe zimenezi, kapena patapita maola 6 mutazimwa. Kukiliniki kwanu adziwe za opaleshoniyo kuti aziyeza kuchuluka kwa tizilombo pa nthawi yake. A matenda a shuga ndi a BP nawonso amve: thupi likamatsika, mlingo wakale wa insulin, glibenclamide kapena mapiritsi a BP umakhala wochuluka, ndipo ukhoza kukugwetsani. Ukonzedwe ndi dokotala kuyambira masiku oyamba.

Tsitsi likuthothoka, ndipo sikelo yaima kwa masabata awiri.
Mtsikana wa ku Zomba

Zonse ziwiri n'zachizolowezi. Tsitsi limathothoka kuyambira mwezi wachitatu mpaka cha m'ma wachisanu ndi chimodzi chifukwa thupi ladzidzimuka, ndipo limameranso. Kwanitsani zomanga thupi, yezetsani ayironi, ndipo mupumule kumanga mesh yokoka. Sikelo imaimaima, kawirikawiri koyamba cha m'sabata yachitatu. Kwerani kamodzi pa sabata, osati m'mawa uliwonse. Ambiri amataya pafupifupi kota mpaka gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwawo m'miyezi 12 mpaka 18. Kuonda msanga kumabweretsanso miyala mu ndulu, ndiye kukamawawa kumanja kunsi kwa nthiti mukadya zamafuta, kajambulitseni.

Ndakhala zaka osatenga pakati, ndipo akuchimuna akufunsa. Ndingayese liti?
Mayi wa ku Pretoria

Dikirani miyezi 12 mpaka 18, thupi lisiye kutsika. Mimba yobwera pamene mukudya masupuni owerengeka imaika mwana pa chiopsezo chobadwa wochepa. Chenjerani, chifukwa mphamvu yobereka imabwerera msanga thupi likayamba kutsika, ngakhale kwa amene msambo unkawadumphadumpha. Mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass chifukwa salowa bwino m'magazi. Lupu kapena kachipangizo ka pamkono ndizo zoyenera. Bambo apite nanu kwa dokotala amve okha chifukwa chake, ndiwo akayankhe kwawo. Mukadzatenga pakati, kusikelo muwauze za opaleshoniyo, makamaka asanakumwetseni madzi a shuga oyezera matenda a shuga, chifukwa amayambitsa dumping.

Msana ukawawa ndimamwa Brufen. Nanga kabotolo kamodzi Loweruka?
Bambo wa ku Lusaka

Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin zimaboola zilonda pamsoko, makamaka wa bypass, ndipo fodya amachita chimodzimodzi. Imwani Panado. Ngati aspirin anakulemberani chifukwa cha mtima, musasiye nokha, kambiranani ndi dokotala. Mowa upeweni chaka choyamba. Pambuyo pake dziwani kuti umalowa m'magazi mofulumira ndi kukwera kuposa kale, moti botolo limodzi likhoza kukuledzeretsani, ndipo ena amene sankavutika ndi mowa amayamba uchidakwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Mukaona kuti Loweruka lasanduka Lachitatu ndi Lachisanu lomwe, funani thandizo msanga.

Kuntchito akunong'onezana kuti ndili ndi kaliwondewonde. Kumaliro ndikasiya nsima m'mbale amati ndikunyada.
Mayi wa ku Kasungu

Kwathu kunenepa timakuyesa mtendere, ndiye munthu akaonda msanga malilime sachedwa. Simukukakamizidwa kufotokozera aliyense. Sankhani anthu awiri kapena atatu odziwa zonse, ena onse muwayankhe mawu amodzi osasintha: "Adokotala anandiletsa kudya zambiri, ndili bwino." Pamaliro kapena paukwati dzigawireni nokha, kapena nong'onezani mayi wogawa kuti akuikireni ndiwo ndi kachidutswa ka nsima m'kambale ka mwana. Kukana musanapatsidwe sikupweteka mtima ngati kubweza mbale yodzaza.

Chimene tikufuna muyang'anitsitse ndi mtima wanu. Kwa amene chakudya chinali chotonthoza, miyezi yoyamba imakhala yowawa, ndipo ena amanong'oneza bondo. Khungu lolendewera nalo limakhumudwitsa. Muziumitsa bwino m'mapindiro ake kuti musatuluke zilonda, ndipo za kulidula zimakambidwa thupi likakhazikika, kawirikawiri patapita miyezi 18 kapena zaka ziwiri. Koma mukakhala masabata awiri osagona, osafuna kuona anthu, kapena maganizo odzipweteka akabwera, pitani kuchipatala cha boma kapena cha mishoni mukafunse woona za matenda a maganizo, ndipo mutenge kalata yanu ya opaleshoni kuti akusankhireni mankhwala oti chifu chaching'ono chingathe kuwalandira.