Kuyala matabwa a engineered wood m'nyumba ya ku Mzuzu

Mayi wina wa ku Katoto watilembera kuti akumalizitsa nyumba, ndipo pabalaza ndi kuchipinda sakufunako matailosi chifukwa amazizira kumapazi mu June ndi July. Akufunsa ngati matabwa a engineered wood angapirire chinyezi cha kuno, komanso kayalidwe kake.

Mayi, angapirire ndithu, bola simenti ya pansi ikhale youma. Thabwa limeneli ndi losanjikiza. Pamwamba pali mtengo weniweni wolimba, kawirikawiri oak, wochindikala mamilimita 2 mpaka 6, ndipo pansi pali plywood yomwe magawo ake amapingasana. Kupingasanako n'kumene kumaliletsa kupindika nyengo ikamasintha, kusiyana ndi thabwa wamba. Pogula funsani kuchindikala kwa gawo la pamwambalo, osati kwa thabwa lonse. Musatsike pa mamilimita 3, chifukwa likakalika mmisiri amalipala ndi makina, ndipo kupala kamodzi kumadya pafupifupi milimita imodzi. Yang'ananinso m'mbali mwa thabwa. Mukaona kapepala ka chithunzi cha mtengo komatidwa pa bolodi, ameneyo ndi laminate, sapalika ndipo amatupa msanga akanyowa.

Ntchito yaikulu ili pa simenti. Simenti yosalaza pamwamba pa konkire imauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, choncho ya mamilimita 50 imafuna miyezi iwiri, ndipo ndi mvula ya Mzuzu, yomwe imachedwa kusiya, muwonjezerepo. Kuuma kwa pamwamba kusakupusitseni. Dulani pulasitiki wa mita imodzi mbali zonse, mumumate pansi ndi tepi kuzungulira, mumusiye masiku atatu. Mukavundukula n'kupeza timadontho ta madzi, kapena simenti itada pamalopo, dikirani kaye. Mukayalabe, chinyezi chimalowa kunsi kwa thabwa, m'mbali mwake n'kutukuka ngati bwato, ndipo kulibwezera n'kovuta. Funsaninso amene anamanga ngati anaika pulasitiki pansi pa konkire asanathire. Ngati sanaike, pamafunika mankhwala opaka otchinga chinyezi musanayale china chilichonse. Ndipo ngati munaonapo njira za chiswe m'makoma, thanani nacho choyamba, poti plywood ndi chakudya chake.

Pansi pakhalenso pa levulo. Gonekani chitsulo chowongoka cha mamita 2: mpata ukaposa mamilimita 3, dzazani pokumbikapo ndipo palani potumphukapo, apo ayi matabwa azidzalira mukaponda, mano a m'mbali olumikizira thabwa ndi linzake n'kuthyoka.

Njira zoyalira ndi ziwiri, kumata ndi guluu kapena kungolumikiza matabwa okhaokha osawamata pansi. Kwa inu tikusankhirani yachiwiriyi. Imakhululuka mukalakwitsa pang'ono, ndipo pa simenti yomwe inapakidwapo polishi guluu sagwira n'komwe.

Chipinda cha mamita 4 kwa 5 ndi masikweya mita 20. Gulani 22, chifukwa zodula zimatayika, ndipo bokosi limodzi lisungeni lokonzera mtsogolo. Mabokosi agone chafulati m'chipindamo masiku atatu osatsegula, utoto ndi pulasitala zitauma kale, mawindo ataikidwa magalasi. Kenako sesani bwino, yalani pulasitiki wochindikala ma micron 200 (mamilimita 0.2), mapepalawo apitirirane masentimita 20 n'kumata ndi tepi, pamwamba pake underlay (chofewa choyala kunsi kwa matabwa) ya mamilimita 2 kapena 3.

Yambirani kukhoma lalitali. Pakati pa matabwa ndi khoma siyani mpata wa mamilimita 10 mpaka 12 kuzungulira chipinda chonse, pa mafelemu a zitseko ndi pa mapaipi pomwe. Apa m'pamene amisiri ambiri amalakwitsa pofuna kuti ntchito ioneke yothina bwino. Dzinja likafika matabwa amafufuma, akasowa kopita amadzuka pakati pa chipinda. Mfundo (pokumana mitu ya matabwa) za mizere yoyandikana zitalikirane masentimita 30 kapena kuposa, ndipo yezerani chipinda musanayambe kuti mzere womaliza usachepere masentimita 5. Pogogoda thabwa tsamiritsani kachidutswa ka thabwa lina, hamala isakhudze mano ake. Skirting (kathabwa kozungulira m'munsi mwa khoma) ikhomedwe kukhoma, osati pa matabwa, ingophimba mpata uja. Zitseko mwina zidzafunika kuzidula pansi pang'ono.

Kubafa musayaleko, ndipo kukhitchini ife timati matailosi ndiwo abwino. Kukolopa kothira ndowa yamadzi pansi kuthe. Sesani, mupukute ndi nsalu yofinya kwambiri, ndipo madzi akatayika pukutani nthawi yomweyo. Ikani chopondera pakhomo, chifukwa dothi louma la kunsapato limakala ngati sandipepala, miyendo ya mipando muimate tinsalu tofewa. Mbaula yoothera nthawi yozizira isamakhale pa matabwa amenewa ngakhale mutaikira lata pansi, chifukwa kutentha kumaswa gawo la pamwamba lija.