Kodi m'khadi la ku banki muli batire?

Mayi ena a ku Area 25 andilembera imelo. Akuti khadi lawo la ATM linakana pa makina ku Old Town, ndiye akufunsa ngati batire latha, poti anaona pa intaneti khadi lina lomwe manambala ake akumbuyo amasintha okha.

Mayi, m'khadi lanulo mulibe batire, chimodzimodzi chiphaso cha unzika chija tinalembetsa mu 2017. Chip, kakompyuta kakang'ono ka m'khadimo, imalandira moto kuchokera ku makina kudzera pa kachitsulo kagolide kaja. Makadi ongogunditsa ali ndi kawaya kopyapyala kozungulira mkati, kamene kamakoka mphamvu ku mafunde a wailesi a 13.56 MHz ochokera ku makinawo. Lanulo mwina kachitsuloko kakalika kapena chip yasweka. Kafunseni lina ku banki.

Koma limene munaonalo lilidi ndi batire, ndipo mainjiniya amatuluka nalo thukuta. Khadi lonse ndi lochindikala mamilimita 0.76 basi. Batire lake ndi lopyapyala ngati pepala, simungalitchaje kapena kulisintha, komabe liyenera kufika zaka zitatu. Ndiye chip imangokhala mtulo, kawotchi kakang'ono ndi komwe kamachezera. Ola likakwana, chip imadzuka, kuwerengetsa manambala atatu atsopano, kuwalemba pa kasikirini, n'kugonanso. Kasikiriniko ndi ka e-paper, komwe kamadya moto pokhapokha manambala akamasintha.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Mukayang'anitsitsa mita ya ESCOM, mutha kudziwa kuti m'nyumbamo ayatsa ketulo ngakhale simunalowe. Mu 1999 katswiri wa chitetezo cha makompyuta Paul Kocher ndi anzake anaonetsa kuti chip imaululikanso motero: poyeza mosamala moto umene ikudya, munthu atha kutulukira kiyi yachinsinsi yomwe ili mkati. Pofuna kusokoneza akuba, opanga makadi amaichititsa chip masamu ena opanda ntchito, n'kusakaniza manambala achisawawa. M'khadi la batire lija, masamu onamizirawo nawonso amadya batire lomwelo.

Kwa ine, kampani yochepetsa chitetezo kuti batire likhalitse yalakwa kwambiri kuposa yomwe khadi lake limafa msanga. Khadi lakufa mumakasintha ku banki, koma ndalama zikabedwa mumayamba kuyendera maofesi, ndipo wolipira minibasi ndinu nomwe.