Funsani Anti: Kampeni yalowa m'nyumba, m'tchalitchi mpaka m'magazi

Mwezi uno mameseji anu achuluka zedi ndipo pafupifupi onse akununkha kampeni. Amene munafunsa za zibwenzi ndi za apongozi mundikhululukire, tionana ulendo wina. Ndasankha asanu, ena ndawadulako chifukwa anthu inu mukayamba kulemba simupuma. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

Anti, ine mtendere ndilibe. Kunabwera anthu a kandideti wina madzulo, anatisonkhanitsa azimayi nde aliyense anamupatsa kandalama, koma asanatipatse anati tikweze dzanja tilonjeze pamaso pa Mulungu kuti tidzavotera bwana wawoyo. Ine ndinakweza, ndalama ndinalandira ndipo inatha kale. Koma munthuyo mtima wanga sukumufuna olo pang'ono. Ndikavotera wina ndachimwa? Komanso akuti ali ndi njira yodziwira amene wawapusitsa, zoona? – Mayi wa mu kwaya

Mayi, tiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi losavuta. Sangadziwe. Mukalowa mobisika muja muli nokha, pepala lilibe dzina lanu, mukalipinda nkuliponya mu bokosi basi lasakanikirana ndi mazana ena. Ndipo zimenezi anthu anachita kuzimenyera. Kale m'mayiko ambiri kuvota kunali poyera, munthu kutchula dzina mokweza abwana ake a kuntchito ali pomwepo, mwini malo amene akukhalapo ali pomwepo, nde ndani akanalimba mtima? Voti yachinsinsi inayambira ku Australia mu 1856, Britain inatsatira mu 1872, ndipo cholinga chinali chomwechi, chakuti wogula voti asakhale ndi njira yotsimikizira kuti zimene wagula zafikadi. Ogula mavoti amadziwa bwino kuti malonda amenewa alibe lisiti, nchifukwa chake anakukwezetsani dzanja. Akufuna chikumbumtima chanu chomwe chiwagwirire ntchito ya ulonda mwaulere.

Za tchimo tsopano. Sindikunamizani kuti palibe chinalakwika, chilipo, ndipo chinalakwika tsiku limene munalandira lija. Eksodo 23:8 amanena mosapsatira kuti chiphuphu chimachititsa khungu anthu openya, komanso lamulo la zipani la 2018 kuno kwathu linaletsa zogawa ndalama pofuna mavoti. Ine sindikuponyani mwala, mavuto a m'nyumba ndimawadziwa ndipo opatsawo amasankha dala nthawi imene anthu afinyika. Koma kusunga lonjezo loipa sikufufuta cholakwa choyambacho, kumangoonjezera china pamwamba. Inu ngoimba kwaya, nkhani ya Herode pa Marko 6 mukuidziwa. Analumbira kwa mtsikana wovina uja pamaso pa alendo, atamva zimene akupempha mtima unamupweteka, komabe anati ndalumbira kale, mutu wa Yohane M'batizi unabwera m'mbale. Alipo mlaliki amene munamumva akuyamikira Herode kuti anali munthu wosunga mawu? Lapani za kukweza dzanja mwachibwana, zimenezo ndi za inu ndi Mulungu wanu, kenako tsikulo mukachonge amene mukuona kuti angathandize ana anu zaka zisanu zikubwerazi. Akabweranso madzulo muwauze kuti muli pa prakatisi.

Anti, ma Sande atatu otsatizana ulaliki wa abusa athu ukumathera pa kandideti mmodzi, akuti Mulungu anawaonetsa kumaloto. Sabata yatha anachita kumupatsa maiki. Ine ndinangofunsa mu gulupu ya WhatsApp ya achinyamata kuti kodi izi nzoyenera, pano akunditchula Yudasi. Ndisiye tchalitchi? – Mnyamata woimba kiyibodi

Mwana wanga, usasiye tchalitchi mtima uli m'mwamba chonchi. Zamalotozo ndingonenapo chimodzi: chisankho chilichonse pamapezeka atumiki angapo amene aonetsedwa, aliyense waonetsedwa munthu wake, koma mpando ndi umodzi. Zotsatira zikatuluka ena amangoti zii ngati sananenepo kanthu.

Koma usanditenge ngati ndine wa gulu lija lomati mpingo usamalankhule za dziko. Ulankhule kumene! Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse nthawi imene munthu umatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa chabe, inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu omangidwa popanda mlandu, za ufulu wolankhula. Chaka chotsatira pa 14 Juni 1993 kunachitika referendamu, pa 17 Meyi 1994 anthu anavota zipani zambiri. Iwe unali usanabadwe mwina, ife tinaona. Chimene ndikufuna uone ndi chakuti kalata ija sinauze munthu kuti vota uyu, inaloza zilonda nkusiyira anthu kuganiza. Apo ndi pamene pali kusiyana. M'busa akatsegula Eksodo 18:21 pamene Yetero akuuza Mose kuti asankhe anthu odziwa ntchito, oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi ziphuphu, nkuuza mpingo kuti muyese makandideti onse ndi muyeso umenewu, wagwira ntchito yake bwinobwino. Akafika popereka maiki kwa mmodzi pa guwa ndiye kuti theka la nkhosa waliuza kuti si zake, ndipo tsiku limene kandidetiyo adzalakwitse m'busayo pakamwa padzalemera.

Za dzina la Yudasi usadandaule nazo kwambiri, uwakumbutse anzakowo kuti mwa ophunzira 12 aja munali Mateyu amene ankatolera msonkho wa boma la Aroma komanso Simoni Zelote, wa dzina la anthu osafuna kumva za Aroma, onse ankadya pamodzi. Chimene unalakwitsa ndi malo. Gulupu ya WhatsApp si bwalo lokambira nkhani ngati iyi, muja aliyense amalankhula kuti ena amuone. Pita kwa mkulu wa mpingo mmodzi amene umamukhulupirira, kapena kwa abusa enieniwo mwaulemu, pa awiri, uwauze kuti bambo, ife ena tikumva ngati alendo m'nyumba mwathu momwe. Mwina akumvera, mwina ayi. Gulupuyo uyiike pa mute, kiyibodi upitirize kuimba, ndipo ngati mavoti atawerengedwa zinthu zili chomwecho undilemberenso tikambe zochoka.

Anti, ndili ndi zaka 52. Tinali ndi kagulu ka anthu asanu ndi mmodzi koyenda m'mawa uliwonse 5 koloko, zaka ziwiri osaphonya. Kampeni itayamba tinayamba kukangana m'njira mpaka wina anatukwana mnzake, kagulu kanatha. Pano ndimangokhala pa foni mpaka 1 koloko usiku kuwerenga za ndale, mutu ukumandiwawa, ndinakayezetsa BP anapeza 150/95. Nditani? – Bambo wotopa

Achimwene, 150/95 yakwera, malire amene a zaumoyo amayendera ndi 140/90. Kuyeza kamodzi sikokwanira kunena kuti muli ndi matenda, nde bwererani kuchipatala akakuyezeninso tsiku lina mutakhala kaye pansi mphindi zisanu, ndipo akakupatsani mankhwala muzimwa, osati kumwa sabata imodzi nkusiya poti mutu waleka. Mutu ukawawa modabwitsa, maso kuchita chidima, chifuwa kuthina kapena mbali imodzi ya thupi kufooka, apo musadikire kuti kuche.

Koma taonani zimene mwachita m'miyezi yochepayi. Mwachotsa chinthu chimene chimatsitsa BP nkuikapo ziwiri zoikweza, kusagona ndi kupsa mtima. Thupitu silidziwa kusiyanitsa mkango ndi komenti ya pa Facebook, mukawerenga zokukwiyitsani limatulutsa mahomoni okonzekeretsa thupi kumenyana kapena kuthawa otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima kuthamanga, mitsempha kuthina, kukonzekera ndewu imene kulibe, inu muli gone pa bedi foni ili kumaso. Ndipo mafoniwa anapangidwa kuti azikupatsani zimene zikukugwirani mtima, mukakwiya mumakhalitsa, mukakhalitsa akupatsaninso zina, mpaka bandulo kutha tambala kulira. Munthu wamkulu amafunika tulo maola 7 kapena kuposerapo. Foni izigona pabalaza ikamakwana 9 koloko, nkhani muzimva kawiri patsiku basi, chimene chachitikadi chikupezani m'mawa.

Kuyendako muyambirenso mawa lomwe, olo nokha. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiye kuti kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu mwakwanitsa kale zochepazo, nkuonjezerapo masiku awiri a zolimbitsa minofu, ma push-up, kukhala nkudzuka pa mpando, zosafuna jimu. Poti mwakhala nthawi musayambe ndi ukali, tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha. Ngakhale Paulo amene ankaika za uzimu patsogolo anavomera pa 1 Timoteo 4:8 kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake.

Kagulu kaja kandimvetsa chisoni kuposa BP, chifukwa anthu odzuka 5 koloko zaka ziwiri sapezekapezeka. Imbirani mmodzi amene simunakangane naye, muyambe awiri, ena akaona abwera okha. Muike lamulo loti oyambitsa za ndale m'njira achite ma squat 20 pompo. Ndipo ndikuuzeni kachinsinsi, ngati mumatha kukangana mpaka kutukwanizana uku mukuyenda ndiye kuti mumayenda pang'onopang'ono kwambiri, liwiro loyenera ndi lija munthu umatha kulankhula mawu ochepa koma kuimba osatheka. Onjezerani sipidi muone ngati mpweya wotukwanira utsale. Komanso nyengo ino poyenda musavale malaya a chipani, kukada kale simudziwa mukumana ndi ndani.

Anti, ine ndi amuna anga tikusapota zipani zosiyana. Akuti mkazi womvera amavota kumene mwamuna wake wanena. Masiku atatu tsopano sakundiyankhula. – Mayi wa ana atatu

Asisi, pa malumbiro a ukwati ndinamvapo za matenda, umphawi ndi imfa, za chipani sindinamvepo. Muli ndi kadi yanu, iwo ali ndi yawo, ndipo kobisika kuja simulowa awiri. Simukuyenera kuwanamiza, simukuyeneranso kuwapatsa lipoti, mungowauza kuti bambo, voti ndi chinsinsi, nkupitiriza zina. Mugwirizane kuti patebulo ndi kuchipinda za ndale zisamalowe. Andale amene mukuwafera awa mawa mudzawaona akugwirana chanza nkupanga mgwirizano, inu mutagona moyang'ana kukhoma. Koma kusayankhulako kukafika pa kuopseza, kukubisirani kadi kapena kukwezerana dzanja, imeneyo si nkhani ya ndale ayi ndi nkhanza, muuze ankhoswe kapena apolisi msanga.

Anti, ndakwanitsa zaka 18, ndinalembetsa chifukwa mayi anandikakamiza koma zopita kukaima pa mzere tsiku lonse ndilibe nazo. Voti imodzi isintha chani? Onse ndi chimodzimodzi. – Mtsikana wa ku koleji

Mwana wanga, ukadziwa kuti anthu a maganizo ako ali zikwizikwi ndipo andale amawawerengera, sungayankhule choncho. Amene sapita kukavota wandale samuopa, nchifukwa chake malonjezo a achinyamata amathera pa nsanja. Zoti voti imodzi siisintha kanthu kafunse ku Zanzibar, mu Januwale 1961 mpando wa Chake Chake pa chilumba cha Pemba unapita ndi voti imodzi yokha. Ku Virginia ku America mu 2017 makandideti awiri a nyumba ya malamulo anafanana ndendende, aliyense mavoti 11,608, mpaka anachita kuika mayina m'mbale nkutola limodzi ngati mpikisano wa mwayi, ndipo mpando umenewo ndi umene unaonetsa chipani cholamulira nyumbayo. Tangoganiza munthu amene tsiku limenelo anati aaa ndatopa, ndigone. Makamaka pa makhansala ndi aphungu kusiyana kumakhala kochepa, ndipo amenewo ndi amene ali pafupi ndi mjigo, msewu ndi sukulu ya kwanu.

Zoti onse ndi chimodzimodzi, ukunena utawerenga manifesito angati? Sankha zinthu zitatu zimene zikukupweteka iweyo, kaya ngongole ya sukulu, kaya ntchito, kaya mankhwala m'chipatala, uone aliyense akuti achita bwanji ndipo amene anakhalapo kale anachita chani. Sukusankha mngelo, ukulemba munthu ntchito ya zaka zisanu.

Mzerewo ndi wautali inde, koma ku South Africa bishopu Desmond Tutu anadikira mpaka zaka 62 kuti avote koyamba pa 27 Epulo 1994, Mandela anali ndi 75, iwe wapatsidwa pa 18 ukuti dzuwa. Kadi uyiike m'chikwama usiku, udzuke m'mamawa mzere usanatalike, nsapato zofewa, botolo la madzi, ambulera, zovala zopanda mtundu wa chipani, ukaona agogo kapena mayi woyembekezera uwapatse malo kutsogolo. Uchonge bokosi limodzi lokha pa pepala lililonse, ukachonga awiri kapena kulembapo mawu achipongwe voti yaonongeka ndipo waima padzuwa pachabe. Ukatero upite ndi mayi akowo, akuoneka kuti njira akuidziwa.