Kuchoka ku magalimoto a kumgodi kukayendera ndege m'dzina la boma: yankho kwa mnzathu wa ku Moatize

Mnyamata wina wa ku Moatize wanditumizira imelo. Akuti ndi makaniko, amakonza zimagalimoto zikuluzikulu zonyamula malasha kumgodi, koma akaona ndege ikutsika pabwalo la ndege la Chingodzi ku Tete mtima wake umapita komweko. Funso lake n'lakuti, kodi munthu ngati iye angadzakhale insipekitala wa boma woona za chitetezo cha ndege, nanga ayambire pati?

Achimwene, n'zotheka, ndipo manja anuwo ayamba kale ulendo. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti imeneyi si ntchito yoyambira. Boma limatenga munthu amene wakhwimira kale m'ntchito za ndege, n'kumupatsa mphamvu yoimitsa anzake akalakwitsa.

Tisiyanitse kaye maofesi, chifukwa ambiri kuno timawasakaniza. LAM ndi kampani yoyendetsa ndege. Aeroportos de Moçambique ndi imene imasamalira mabwalo a ndege, kuphatikizapo la Chingodzi. Amene amasecha zikwama pakhomo aja ali ndi ntchito yawonso. Insipekitala amene mukunenayu ndi wa IACM, bungwe la boma loyang'anira za ndege za anthu wamba, lomwe likulu lake lili ku Maputo. Ndilo limapereka chilolezo kwa kampani kuti inyamule anthu, limapereka malaisensi kwa oyendetsa ndege ndi amakaniko, ndipo lili ndi mphamvu yolanda zonsezi. Pamwamba pake pali bungwe la mayiko onse la ICAO, la ku Montreal, lomwe linabadwa pa pangano la ku Chicago la 1944 ndipo limabwera kudzayendera mayiko kuti lione ngati akuyang'aniradi ndege zawo. Ndege za asilikali sizili m'manja mwa ma insipekitala amenewa, zili ndi malamulo akeake.

Ma insipekitala ali m'magulu. Ena amayang'ana kayendetsedwe ka ndege, ndipo ambiri mwa iwo anali oyendetsa ndege kwa zaka zambiri. Ena amaona mabwalo: msewu wa ndege, magetsi, mpanda, galimoto zozimitsa moto. Ena amaona mayeso ndi malaisensi. Gulu limene likukuyenerani inuyo ndi loona ngati ndegeyo payokha ili bwino kuti iuluke.

Apa m'pamene ambiri amadabwa. Insipekitala wa gulu limeneli sagwira sipanala kawirikawiri. Nthawi yake yambiri imathera m'mabuku. Chitsulo chilichonse chofunika pa ndege chili ndi mbiri yake yolembedwa: chinapangidwa kuti, chauluka maola angati, anachikonza ndani, anasaina ndani. Insipekitala amafunsa ngati wosainayo laisensi yake ikumulola kugwira mtundu umenewo wa ndege. Amafunsa ngati chida chomangira mabawuti chinayesedwa kuti chikupima molondola. Ngati kampani yopanga ndege kapena boma la kwawo linalamula kuti chinthu china chisinthidwe pofika tsiku lakuti, amafuna umboni woti chinasinthidwadi. Palinso mndandanda wa zinthu zimene ndege imaloledwa kuuluka nazo zili zowonongeka, chilichonse ndi masiku ake, ndipo iye amaona ngati masikuwo sanapitirire. Nthawi zina amangotulukira pabwalo ndege itaima, n'kuyang'ana matayala, mafuta odontha, zozimitsira moto ndi mapepala a oyendetsa, m'mphindi zochepa zomwe ndege imakhala pansi. Pa Chingodzi m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, kutentha kukapyola madigiri 40, mpweya umapepuka, injini imachepa mphamvu, ndege imafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Choncho ngakhale kulemera kwa katundu amene alembedwa papepala ndi nkhani ya moyo.

Kuti muone chifukwa chake mabuku aja ndi ofunika, kumbukirani zimene zinachitika kuno kwathu mu Januwale 2017. Ndege ya LAM ya mtundu wa Boeing 737, yochokera ku Maputo, ikutsika ku Tete inamva kugunda kutsogolo, ndipo itatera anapeza mphuno yake itaphwanyika mbali imodzi. Palibe anavulala. Nkhani inafalikira dziko lonse lapansi kuti yawombana ndi drone, kandege kakang'ono kouluka popanda munthu mkati. Patangopita masiku ochepa, a IACM ananena kuti panalibe chimene chinaiwomba: chophimba cha kumphunocho chinagonja chokha ndi mphamvu ya mphepo, ndipo chinali chogwiritsidwapo kale ntchito, chomwe anachiika pa ndegeyo pamene inkakonzedwa ku South Africa chaka cham'mbuyo mwake. Nkhani ya drone inali yokoma kukamba m'minibasi ndi m'misika, koma yankho lenileni linali m'mbiri ya chitsulo chimodzi. Munthu amene amatha kusiya mphekesera n'kukhala pansi ndi mafayilo, ameneyo ndiye insipekitala.

Ntchitoyi imanyamulanso dzina la dziko. Mu 2011 bungwe la European Union linaletsa makampani onse a ndege a ku Mozambique kuuluka m'mlengalenga mwa mayiko ake, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 2017. Chimene ankadandaula nacho kwenikweni sichinali ndege imodzi, koma kuti boma silinkayang'anira mokwanira. Kuchepa kwa ma insipekitala odziwa ntchito kumalanga dziko lonse.

Tsopano ndibwere kwa inu. Kumgodi mwaphunzira ma hydraulic (makina oyenda ndi mphamvu ya mafuta opanikizidwa), magetsi a makina akuluakulu, ndiponso mwambo wotseka makina musanalowetse dzanja. Zimenezi mudzapita nazo. Koma pali khalidwe limodzi la amakaniko athu limene muyenera kulisiya pakhomo. M'magalaja a kuno makaniko wotchuka ndi amene sipeya ikasowa amasula ina, kumangirira ndi waya, galimoto n'kuyenda. Luso limenelo ndimalilemekeza, latipulumutsa kangapo pamsewu wa ku Angónia. Pa ndege ndi mlandu. Bawuti imamangidwa mmene buku la wopanga lanenera, ndipo buku liyenera kukhala lotsegula ngakhale ntchitoyo mwaigwira kambirimbiri.

Chovuta kuposa zonse ndi kukana. Tsiku lina mudzaima pabwalo, anthu atakwera kale, pakati pawo pali akuluakulu aboma, kampani ikulira za ndalama zimene itaye, foni yanu ikuitana kuchokera kwa mabwana, ndipo inu mwapeza kuti ndegeyo siyenera kunyamuka. Makaniko amene wasaina molakwikayo mwina munaphunzira naye limodzi, mwina ndi amene anakuphunzitsani ntchito. Anthu a ntchito za ndege m'dziko muno ndi ochepa, onse amadziwana. Onjezani kuti m'mayiko ambiri malipiro a boma amachepa poyerekeza ndi a makampani a ndege, ndiye ziphuphu zimagogoda. Ngati mumadziwa mumtima mwanu kuti abwana akakweza mawu mumasaina kuti nkhani ithe, musaifune ntchitoyi. Ndikunena izi chifukwa mu ndege imeneyo mumakhala mayi amene akupita ku chipatala ku Maputo, ndi ana athu opita kusukulu.

Njira yake ili motere. Limbikirani Chingerezi kuyambira lero, chifukwa mabuku a makampani opanga ndege monga Boeing ndi Embraer amalembedwa m'Chingerezi, pamene malipoti a boma mudzalemba m'Chipwitikizi chomveka bwino. Ngati mulibe pepala la maphunziro apamwamba, uinjiniya wa makina kapena magetsi ndi maziko abwino. Ku Songo kuli sukulu ya ukachenjede ya zaumisiri, ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane. Kenako muyenera kulowa kumene ndege zimakonzedwa, ndipo zimenezi zikutanthauza kusamuka, chifukwa ntchito zazikulu zokonza ndege sizichitikira ku Tete. Mudzayamba ngati wophunzira, mwina ndi malipiro ochepa kuposa a kumgodi, mpaka mutalemba mayeso n'kupeza laisensi ya makaniko wa ndege. Mukagwira nayo ntchito zaka zingapo, mukusainira ndege ndi dzina lanu, m'pamene mungapikisane nawo boma likalengeza malo. Ngakhale atakutengani, mudzayenda kaye pambuyo pa insipekitala wamkulu musanaloledwe kuyendera nokha.

Musasiye ntchito ya kumgodi musanapeze malo ophunzirira. Ndalama zake zikulipireni sukulu. Pakadali pano yambani kusunga buku lanu la ntchito: tsiku, makina, chimene munakonza, ndi siginecha ya kapitawo. Fufuzaninso pa intaneti malamulo a ndege a dziko lino, otchedwa MOZ-CAR, muwerenge zigawo za kukonza ndege ndi za malaisensi, mulembe zimene akufuna pa laisensi ya makaniko, ndipo muziyerekeze ndi mapepala amene muli nawo panopa.